Kamtsikana ka Nsapato Imodzi

1

"Ku yunivesite munapita, si choncho?"

"Ndinapita, amayi."

"Ndipo zaka zonse zija, anzanu akuphunzira kuchiza anthu ndi kumanga milatho, inu mumayang'ana zithunzi."

"Zaluso, amayi. Mbiri ya zojambulajambula ndi..."

"Mumayang'ana zithunzi. Chabwino. Lero sukulu yanu ija yapeza ntchito. Yang'anani ichi mundiuze: mwanayu ndi wa ndani?"

Ondifunsawo anali apongozi anga a mtsogolo, mayi ake a mtsikana amene ndinkayembekezera kumukwatira mwezi wotsatira. Aliyense amawatchula kuti a Metroni, chifukwa moyo wawo wonse anali oyang'anira atsikana pasukulu yogonera konko. Pantchito anapuma, koma maso awo sanapume. Akakuyang'ana umayamba kudzifunsa ngati unayala bedi pochoka kwanu.

Patebulo la pabalaza anaimikapo chithunzi chopenta, chachikulu ngati thireyi, chopanda felemu. Anachipeza m'mawa wa tsikulo kuseri kwa wadirobu, chitakutidwa ndi jekete lakale la amuna awo.

Pachithunzipo panali kamtsikana ka msinkhu woyamba kumene sukulu, kataima pakhomo la nyumba, katavala diresi yachikasu. Chipumi chachikulu, nsidze yakumanzere itakwera m'mwamba, milomo itafinyidwa. Phazi lina lili ndi nsapato, lina lopanda. Dzanja lamanja litafumbata chinthu chobulungira, lamanzere litabisika kumbuyo. Pambali pake panakhala chinyama chotuwa, chimene ngakhale dokotala wa ziweto akanapempha kaye nthawi yoti aganize. Pamwamba pa zonsezi panali chimtambo chakuda bii.

"Kamwana konyansa," anatero a Metroni mokweza, kuti mawuwo akafike pakhonde pomwe panakhala amuna awo. "Koma taonani chipumicho. Si chipumi cha mwana wanga icho? Awiriwa ndi magazi amodzi. Ine ndinabereka mwana mmodzi. Winayu anabereka ndani?"

Pakhonde nyuzipepala inagwedezeka.

Ndinayang'ana kukhoma, kufunafuna pothawitsira maso. Khoma la pabalazapo ndi lodzaza ndi zithunzi: bwenzi langa ali khanda, bwenzi langa atagweluka mano, abambo ake ali kamnyamata ka kabudula. Cha a Metroni ali mwana palibe. Ukawafunsa amati, "Ine ndinabadwa ndili wamkulu." Palibe amene amatsutsa.

"Lamulungu masana ndaitanitsa achemwali anga aakulu," anapitiriza. "Mubwere mudzatimasulire chithunzichi pamaso pa onse. Mwanayu ndi wotani, amake ndi otani, wojambulayo ankafuna kunena chiyani. Ndikapeza zimene ndikuganizazi, ndinyamuka. Ndipo m'nyumba momwe mwatha ukwati simungatuluke ukwati wina. Mwamva, a Digiri?"

Ndinamva. Pakhomo la kuchipinda masutikesi awiri anali atayasama kale.

2

Ndine munthu wokonda zozunguza mutu. Nyuzipepala ndimayambira kumapeto, pa timabokosi todzazamo mawu. Ku yunivesite ndinasankha zaluso chifukwa aphunzitsi athu anatiuza kuti pachithunzi palibe chinthu chimabwera chokha: kandulo yozima ndi imfa, zenera lotseka ndi mtima wotseka, galu ndi kukhulupirika. Ndinakhoza bwino zedi, ndipo dziko linandithokoza pondipatsa ntchito yokhoma mafelemu m'kashopu kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi okonza mafoni. Kuseri kwa shopuyo kuli kachipinda. Za kachipindako mundidikire.

Bwenzi langa amagwira ntchito pa famase. Ataweruka anandipeza ndikucheka matabwa, nakhala pa chitini cha guluu osapereka ndi moni womwe.

"Amayi ali ndi umboni," anatero. "Loweruka lililonse adadi amatuluka m'mawa ati kukaonera mpira. Mpira wake uti wa m'mawa? Pobwera amamveka kafungo kakuthwa, ngati perefyumu wa pamsika. Foni ikalira amathawira kuseri kwa nyumba, kumakanong'onezana ndi mzimayi. Mlungu watha pakolala ya shati panali chofiira."

"Chofiira chake chotani? Chowala, kapena chakuderako?"

"Iwe! Ndikukuuza kuti banja la makolo anga likutha, ukundifunsa mtundu?"

"Pepa. Ndi chizolowezi cha ntchito."

"Adadi! Munthu wosita ndi hanki yomwe! Ndipo kamwanako kafanana ndi ine, ndakaona ndekha." Anandiyang'anitsitsa, nsidze yake yakumanzere nkukwera. "Kodi bwanji ukutuluka thukuta?"

"Sowo iyi ndi yobuntha."

"Lamulungu ukanene zoona. Ngati ndili ndi mchemwali wanga kunja kuno, ndiuzidwe. Koma ukakandinamiza nawenso, mphete yako ukaipeza m'botolo la mankhwala a chifuwa."

3

Mawa lake belu la pakhomo la shopu linalira, nkulowa a Insipekita. Ndi bambo ake a bwenzi langa, ndipo dzinalo analitenga ku ntchito yoyendera matikiti m'mabasi. Ndi munthu wamtali, wa mawu ochepa, woyenda ngati akufunabe amene wakwera mozemba. Anadikira kuti kasitomala atuluke, kenako anakhoma chitseko okha.

"Zija mukuzidziwazi," anatero.

"Eya, bambo."

"Munalumbira."

"Ndinalumbira, bambo, koma madzi afika m'khosi. Amayi alongedza. Bwanji mungowauza?"

"Munamva zimene ananena? Akuti konyansa." Anatulutsa hanki, naipinda bwinobwino ngakhale inali yopinda kale. "Ndili ndi tsiku limene ndinakonza. Lachisanu la mlungu wamawa. Tsikulo lisanafike, pakamwa panga sipatuluka kanthu."

"Lachisanu lidzafika amayi atapita."

"Ndiye muwachedwetse. Si ndinu ophunzira? Auzeni zachizungu zanuzo mpaka mutu uwazungulire. Koma mukangotsegula pakamwa pa za Loweruka zija, mwana wanga simumuonanso ndi pazenera pomwe."

Mapanga awiri avumbwitsa. Ndikanena, bambo andilanda mkazi. Ndikapanda kunena, amayi aphwasula ukwati.

"Bambo, chimodzi chokha," ndinatero akutsegula chitseko. "Ine zambiri ndikuzidziwa, koma ichi simunandiuzepo. Mwanayo ndi ndani?"

Anandiyang'ana ngati munthu amene wapezeka ndi tikiti ya dzulo.

"Mumakhoma mafelemu, achimwene. Khomani mafelemu."

4

Ndinachita zimene ndimachita ndi funso lililonse lovuta: ndinalitembenuza chadodolido.

A Metroni ankakhulupirira kuti amuna awo ali ndi mwana wapatchire, ndipo anamujambulitsa chifukwa chomukonda. Tsono bambo wojambulitsa mwana amene amamukonda amafuna chiyani? Amafuna kumwetulira, maluwa, kadzuwa. Ndikangoonetsa kuti m'chithunzichi mulibe chikondi ngakhale dontho, nkhani ya mwana wapatchire igwa yokha. Ndinena kuti mwanayu kulibe, sanabadwe, ndi chithunzi chongophiphiritsa khalidwe loipa, ngati zija ojambula akale ankajambula ulesi kapena nsanje zili ndi nkhope ya munthu. A Insipekita anachitola penapake nkuchibisa poopa kusekedwa. Basi.

Mwachidule, kamtsikanako ndikakaipitsa kwambiri, ukwati wanga upulumuka kwambiri.

Ndinadzigoma ndekha. Ndinasita shati, nkubwereka kandodo kolozera kwa mnzanga wina wophunzitsa sukulu.

5

Lamulungu masana pabalaza panakonzedwa ngati bwalo la milandu. Chithunzi chinaimikidwa pampando wakewake. A Metroni anakhala kutsogolo, manja atapinda. A Insipekita pakona, bwenzi langa pafupi ndi khomo. Pasofa wamkulu panamira amayi aakulu, mkulu wawo wa a Metroni, kamayi kakafupi, kosekaseka, kamene kanafika ndi ndodo ndi thumba la maswiti a chifuwa. Chithunzicho anangochiyang'ana kamodzi, natafuna switi mwamphamvu, nayang'ana kudenga.

"Yambani, a Digiri," anatero a Metroni.

Ndinayeretsa kukhosi. "Tiyambe ndi mtambowu. Mwana wokondedwa amajambulidwa padzuwa. Koma taonani kumene mdimawu wakhuthala kwambiri: pamwamba penipeni pa mutu wake. Mtambowu sukubwera kwa mwanayu. Ukuchokera mwa iye. Kulikonse kumene angalowe, nyengo imasintha."

"Eya!" anatero amayi aakulu. "Pitirizani, mwana wanga."

"Pamene waimapo. Si mkati, si kunja, ndi pakati penipeni pa khomo. Kutanthauza kuti m'nyumbamo palibe wolowa kapena wotuluka popanda chilolezo chake."

"Ngakhale kupita kuchimbudzi," anavomereza amayi aakulu.

"Achemwali, mukuchidziwa chithunzichi inu?" anafunsa a Metroni.

"Ine? Ndikungothandizira ulaliki."

Mtima unayamba kukhala m'malo. Ndinaloza nkhope ndi kandodo kaja. "Nsidzeyi. Wosadziwa anganene kuti mwanayu wakhumudwa. Ayi. Iyi si nkhope ya munthu wolakwiridwa. Ndi nkhope ya munthu amene wolakwa wamupeza kale, akungodikira kuti mlandu upezeke."

Bwenzi langa anaseka pang'ono, kenako anakumbukira kuti banja likutha. A Metroni anagwedeza mutu movomereza.

"Nsapato imodzi. Ambiri angati ndi umphawi. Koma onani diresiyi, yositidwa mpaka mizere. Mwana wotere sataya nsapato. Nsapato inayo sinasowe. Yagendedwa. Kunja kwa chithunzichi kuli munthu amene akusisita pamutu."

Amayi aakulu anatsamwa ndi switi. Anakhosomola, misozi ili chuchuchu, dzanja lili pamutu, mpaka bwenzi langa anathamangira madzi.

"Ndinanena ine," anatero a Metroni. "Kamwana kopanda mwambo. Amake ndi otayirira, zikuchita kuonekeratu. Akanakabweretsa kwa ine, mlungu umodzi kakanawongoka ngati rula."

"Ndipo m'dzanjamu wafumbata mwala," ndinapitiriza, "kusonyeza kuti nsapato ikaphonya, ali ndi pogwira pena."

Pakona paja, a Insipekita anali atayamba kupuma ngati basi yokwera chitunda. Ndinaganiza kuti akundilimbikitsa.

"Tsopano mzimu wa chithunzi chonse. Yandikirani muone m'masomu. Penti yakhuthala, wojambulayo anafufuta nkubwerezanso kambirimbiri, dzanja likunjenjemera. Amayi, ichi si chikondi cha bambo kwa mwana wake. Awa ndi mantha. Wojambulayu mwanayu amamuopa. Ndiye yankho la funso lanu ndi ili: mwanayu si wa munthu aliyense. Kulibe. Palibe kholo lingajambulitse mwana wake chonchi. Ichi ndi chithunzi cha nkhanza, zitavala diresi yachikasu."

A Metroni anamasula manja. Anayang'ana chithunzi, nayang'ana amuna awo, nayang'ana masutikesi. Ndinaona ndi maso angawa ukwati wanga ukudzuka kwa akufa.

Awerengi, apa mpamene ndinayenera kukhala pansi. Koma chakomachakoma pusi anagwa chagada. Panatsala chinthu chimodzi chosamasulira, ndipo ine bokosi lopanda mawu sindilisiya.

"Potsiriza, dzanja lobisikali ndi chinyamachi. Dzanjali, kunena zoona, lilibe tanthauzo, wojambulayo zala zinangomukanika. Koma khosweyu ndi wofunika. Khoswe amaimira umbombo ndi..."

"Ndi mphaka!"

Mawuwo anagwedeza magalasi a m'kabati. A Insipekita anali ataimirira, hanki ili m'manja ngati mbendera.

"Ndi mphaka ameneyo! Khoswe wake uti wa ndevu zotero? Ndipo dzanjalo munandiuza ndinu kuti ndilibise kumbuyo! Munati ngakhale akatswiri amatero!"

6

Tsopano za kachipinda kaja.

Loweruka lililonse m'mawa, kuseri kwa shopu yathu, ndimaphunzitsa anthu opuma pantchito kujambula ndi penti. Tsiku lina kunalowa munthu wamtali atavala chipewa chophimba nkhope ndi magalasi akuda, ngati wobwera kudzaba. Anali a Insipekita. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ngakhale mwana wawo. Bambo wolemekezeka ngati iwo kumapezeka ndi kaburashi m'manja ngati mwana wa ku mkaka, anthu akanati chiyani? Mpira wa m'mawa uja unali umenewu. Perefyumu uja anali tinala wotsukira maburashi. Chofiira cha pakolala chinali penti ya milomo ya kamtsikanako.

Ankakhala pakona, nsana atalozetsa kwa anzawo. Ine ndinkangowathandiza kusakaniza mitundu ndi kubisa zala zikawakanika. Nditafunsa kamodzi kuti galuyu bwanji makutu ake ndi osongoka, sanandilankhule Maloweruka awiri. Nchifukwa chake ndinasamukira kwa khoswe.

Zonsezi ndinazifotokoza nditaimirira. Bwenzi langa ankandiyang'ana ngati akuwerengera mlingo wa mankhwala oti andipatse.

"Ndiye munkadziwa," anatero a Metroni pang'onopang'ono. "Ine ndikulongedza, inu mukudziwa."

"Ndinkadziwa wojambula, amayi. Wojambulidwayo ayi."

Anatembenukira kwa amuna awo. "Abambo ake, mwajambula nokha. Ndiye kuti nkhopeyi mumaidziwa pamtima. Ndikufunsani komaliza: mwanayu ndi ndani? Ndipo mzimayi wa pafoni uja ndi ndani?"

A Insipekita anayang'ana pansi. Lachisanu linali lisanafike.

"Wa pafoniyo ndine," anatero amayi aakulu, akupukuta misozi. "Alamu anga ankandifunsa mtundu wa diresi. Iwe mng'ono wanga, tapita ukadziyang'ane pagalasi. Fulumira, nsidzeyo isanatsike."

Tonse tinayang'ana a Metroni. Kenako chithunzi. Kenako a Metroni. Anali ataima pakati penipeni pa khomo la kuchipinda, milomo itafinyidwa, nsidze yakumanzere ili m'mwamba. Ankangosowa mphaka.

Ine, katswiri wa zozunguza mutu, ndinali nditaona chipumi chimenecho pa anthu awiri m'nyumba imodzimodziyo, osafunsa kuti mwana anachitenga kwa ndani.

"Diresi yachikasu ija waiiwala?" anapitiriza amayi aakulu. "Unkaisita ndi botolo la madzi otentha, osalola munthu kuikhudza. Mphaka wako uja unkamuyendera zikhadabo m'mawa uliwonse. Ndipo si mwala uwo, a Digiri, ndi lalanje. Atate anatigulira kuti tigawane. Uyu anati tikadya litha. Anayenda nalo mpaka linauma gwa."

"Nsapatoyo," anatero a Insipekita motsitsa mawu, "ndinkatanthauza kuti munakulira m'mavuto. Alamu anandiuza kuti nthawi zambiri munkapezeka ndi nsapato imodzi."

"Sindinakuuzeni chifukwa chake, alamu." Amayi aakulu anavula duku naweramitsa mutu. "Gwirani apa. Chipsera chake ndi ichi. Mnyamatayu sukulu yake sinapite pachabe."

"Achemwali," anatero a Metroni, mawu atasasa, "ndinakuimbirani foni ndikulira. Osandiuza bwanji?"

"Ndikanakuuza pafoni, zonsezi ndikanazionera kuti? Ndadikira moyo wanga wonse kuti munthu wa digiri azinene."

A Metroni anayandikira chithunzicho. Anachiyang'ana nthawi yaitali, ngati mmene ankayang'anira pansi pa mabedi a atsikana.

"Chifukwa chiyani?" anafunsa, osatembenuka.

A Insipekita anapinda hanki. "Pakhomapo pali aliyense, kupatula inu. Alamu akuti wojambula zithunzi atafika mumsewu mwanu anakuuzani kuti mumwetulire, inu nkumuyankha kuti palibe choseketsa, nkulowa m'nyumba. Lachisanu ndi tsiku lanu lobadwa. Ndimafuna nanunso mukhale ndi ubwana wopachika pakhoma."

"Nanga chimtambochi?"

"Unali mtengo. Unakanika."

"Bwanji osandimwetulitsako, ngakhale pang'ono?"

"Ndinayesa, amayi ake. Kangapo konse. Ndikamaliza, ndinkapeza kuti ndajambula mwana wa eni." Anapindanso hanki. "Tsiku loyamba kukuonani m'basi muja, nditakupemphani tikiti, munandiyang'ana chonchi. Nkhope ina sindiidziwa, ndipo sindinaifunepo."

Bwenzi langa anafwenthera. Amayi aakulu anasenda switi ina.

A Metroni ananyamula chithunzicho ndi manja awiri, nalowa nacho kuchipinda. Anatulukanso, nakokera mkati sutikesi yoyamba, kenako yachiwiri. Chitseko chinatsekeka. Za ukwati wanga sananene kanthu.

A Insipekita anandiperekeza mpaka pageti, zimene anali asanachitepo. Ndinayamba kupepesa, koma anandidula.

"Pa khoswe paja munandinyoza," anatero. Anayang'ana kunyumba, natsitsa mawu. "Koma pa mantha paja, musauze munthu. Dzanja linkanjenjemeradi."

7

Awerengi anzanga, makamaka inu a madigiri, amene mumaona tanthauzo ndi m'mene ntchentche yaterera pa kapu, ndikutsineni khutu. Ine ndinalowa m'nyumba ya eni kukanena bodza lopulumutsa ukwati wanga. Ndinasankha mawu oipa kwambiri amene ndikanawapeza, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti mwini wake kulibe. Tsoka langa silinali lakuti ndinalakwitsa. Khoswe ndi mwala anandikhululukira tsiku lomwelo. Chimene chandisowetsa mtendere ndi zija ndinalondola.

Ndipo chachikulu ndinachiphonya. Ndinaona penti itakhuthala m'maso muja nkunena kuti pamene pali mantha palibe chikondi. Munthu wamkulu ndithu, Loweruka ndi Loweruka, kumavala chipewa ngati wakuba kuti akalimbane ndi nsidze imodzi mpaka ikwere bwino. Zimenezo ku yunivesite sanatipatse dzina lake.

Bwenzi langa anandikhululukira mwa theka. Mphete sinalowe m'botolo, koma akuti kuyambira tsopano akandikwiyira ndizitseka maso, safuna kumasuliridwa. Theka linalo, akuti, lili m'manja mwa amayi ake.

Lachisanu ndinaitanidwa. Uthenga unati ndibwere ndi felemu, hamala ndi msomali. Ndinasankha felemu yabwino kuposa onse m'shopu. Pabalaza ndinapeza onse alipo, amayi aakulu ali pasofa pawo paja, popeza anakana kubwerera kwawo nkhani isanathe. A Metroni anali atachotsa kale chithunzi cha bwenzi langa cha mano ogweluka kuti pakati penipeni pa khoma papezeke malo. Anavala diresi yachikasu. Palibe amene analimba mtima kuitchula.

Ndinakwera pampando, nkukhoma msomali, nkupachika. Kamtsikana kaja kanayamba kuyang'anira pabalaza ponse.

"Chapendekeka," anatero a Metroni.

Ndinawongola.

"Tsikani. Imani apa." Ndinaima pakati pa iwo ndi chithunzi, nsidze ziwiri zitandiloza, ina kutsogolo, ina kumbuyo. "Za ukwati wanu ndaganiza. Mukandiyankha zoona, tsiku silisintha. Mukandinamiza ndidziwa, chifukwa ndakhala ndikugwira abodza inu musanabadwe."

Ndinayang'ana a Insipekita. Anali atalowa m'nyuzipepala mpaka m'makutu. Bwenzi langa ankawerenga mawu a pa paketi ya machesi. Amayi aakulu anaika switi m'kamwa nakhazikika bwino.

"Mtambo uja, khomo lija, wolakwa amene amapezeka mlandu usanapezeke," anatero a Metroni, akuwerenga pa zala. "Zonse zija, a Digiri, munazionadi pachithunzipa, kapena munkanena ine?"